Kompyuta ya lendi ku Cape Town

Mutakhala pa jeti kudikira Ilala, foni ili m'manja, netiweki ikugwira bwino, mutha kuyatsa kompyuta yomwe ili ku Cape Town. Kuiyatsa ndithu, kuikamo mapulogalamu anu, mukathana nayo n'kuizimitsa. Amaitcha virtual machine, ndipo amati imakhala mu cloud, kapena kuti mumtambo. Dzinalo lisakupusitseni anzanga, kumwambako kulibe kanthu. Zomwe zilipo ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zoziziritsidwa usana ndi usiku, ndipo inu mumangochita lendi kachipinda kamodzi.

Nzeru imeneyi si ya dzana. M'zaka za m'ma 1960 kompyuta imodzi inkadzaza chipinda chonse, ndipo mtengo wake ankaukwanitsa ndi maboma, mayunivesite ndi makampani akuluakulu basi. Kuipereka kwa munthu mmodzi kunali kusakaza ndalama. Choncho akatswiri a IBM ku Cambridge, m'dziko la America, anapanga pulogalamu yotchedwa CP-40 yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1967. Inkagawa kompyuta imodzi kuti aliyense woigwiritsa ntchito aziona ngati ali ndi yakeyake. Mu 1972 IBM inayamba kupereka njirayi kwa makasitomala ake pa dzina loti VM/370. Taganizirani nyumba za lendi zamdadada zija: denga limodzi, mpopi umodzi, koma aliyense ndi loko wake pachitseko. Pulogalamu yogawa zipindayo amati hypervisor. Ameneyo ndiye landilodi.

Makompyuta atatchipa n'kuyamba kukhala patebulo la aliyense, zogawanazi zinakhala ngati zaiwalika. Kampani ya VMware, yomwe inayamba mu 1998, inazidzutsanso, kenako mu 2003 a pa yunivesite ya Cambridge, iyi ya ku England tsopano, anatulutsa hypervisor yaulere yotchedwa Xen.

Apa ndiye pokoma nkhani. Mu Ogasiti 2006 kampani ya Amazon inatsegula EC2, njira yoti munthu aliyense wokhala ndi khadi la kubanki abwereke virtual machine n'kumalipira pa ola. Inamangidwa pa Xen yomweyo. Nanga anaipangira kuti? Ku Cape Town, ndi gulu lotsogozedwa ndi Chris Pinkham wa ku South Africa komweko. Ife a kuno mzinda umenewu si wachilendo. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, wophunzira ku Livingstonia, anafika ku Cape Town n'kuyambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919 pamodzi ndi anthu ogwira ntchito padoko. Azigogo athu ambiri anatsata njira yomweyo yakummwera, ena pa Wenela, ena paselefu, kukagulitsa mphamvu zawo ku Joni. Iwo ankapita okha kukapeza makina. Ife tikubwereka makina akumeneko tili pa Chikale.

Koma chodabwitsa n'chakuti, ngakhale EC2 inabadwira mu Africa, Amazon inadzatsegula malo ake osungira makompyuta mu Africa mu Epulo 2020, patatha zaka pafupifupi 14. Microsoft inatsogola mu 2019 ku Johannesburg ndi Cape Town, Google n'kubwera ku Johannesburg mu 2024. Zisanatero, Mmalawi akayatsa virtual machine nthawi zambiri inkakhala ku Ulaya, lamulo lililonse n'kumayenda ulendo wopita ndi wobwerera pansi pa nyanja yamchere. Chingwe cha SEACOM, chomwe chimatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, chinayamba mu 2009. Kwathu kuno boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022.

Kuyatsako sikuvuta. Mumatsegula akaunti, n'kusankha dera lomwe makinawo akhale. Sankhani lapafupi. Kenako mumasankha pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, ndipo ambiri amatenga Ubuntu, yomwe inayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth, wa ku South Africa naye, mu 2004. Eya, dzinalo ndi umunthu womwewu. Mukasankha kukula kwa makina ndi malo osungira zinthu, amakupatsani kiyi, kafayilo koti mudzilowera nako. Kameneko musakatumize mugulupu la WhatsApp, chonde. Mukadina Launch, pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri kompyuta yanu yayaka. Magetsi akazima kuno, foni yanu ikathera moto, iyo imagwirabe ntchito. Kwa mnyamata amene wapangira loji tsamba lolandirira alendo, zimenezi si zazing'ono.

Pamene pali minga ndi pa lendi. Landilodi uyu salandira makwacha, amawerengera m'madola, ndipo kupeza khadi lolola kulipira kunja ndi ntchito payokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wobwereka makina otere anadzuka lendi yakwera popanda chomwe wawonjezera. Komanso mita imayenda ngakhale inu mutagona. Kutseka laputopu sikuzimitsa makina aku Cape Town ayi. Mukadina Stop amaleka kukuwerengerani maola, koma malo osungira zinthu mumalipirabe. Terminate ndiye kubweza kiyi kwa landilodi, ndipo nthawi zambiri zonse zomwe munasunga m'chipindamo zimapita nazo. Musanadine pamenepo, koperani mafayilo anu pa fulashi.