Mbiri ya Umanyano wa Amai m'Boma la Karonga

Mamembala ambiri a bungwe lino adziwa kuti North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wake m'Nyasaland, linayambika ku Karonga m'chaka cha 1912, ndipo maina a Simon Muhango ndi Levi Mumba sanaiwalike. Koma bungwe limenelo linali la amuna. Akazi ao anali kusonkhana kwina, m'nyumba zopemphereramo za Mishoni ya Livingstonia, ndipo za iwo zinalembedwa pang'ono chabe.

Mishoniyo inafika kwa Angonde m'masiku a nkhondo ya Mlozi, wogula akapolo uja amene ananyongedwa m'chaka cha 1895. Pachiyambi zoweruza zonse za mpingo zinali m'manja mwa amuna. Kusintha kunachokera kummwera, m'dziko la Angoni, kumene Donald Fraser m'chaka cha 1901 anasankha amai okhwima, otchedwa Balalakazi, kuti alangize atsikana ndi kumva nkhani za akazi anzao, zimene mwamuna sakanazifunsa popanda manyazi. M'zaka za m'ma 1930 Presbitere ya Livingstonia inalola kuti mkazi akhale mkulu wa mpingo, ndipo Umanyano unakhazikika pamene nkhondo yachiwiri inali kuyamba.

Kuno ku Karonga unapeza nchito ikudikira. Amuna ambiri anali ku migodi ya golide ku Lupa m'Tanganyika, ena ku migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia, ena ku Joni. Munda wa mpunga, nthochi, ana ndi nkhalamba zinatsalira mkazi. Wina akadwala, amai a Umanyano ndiwo anatunga madzi ndi kutola nkhuni. Pa maliro ndiwo anachezera usiku wonse ndi nyimbo, naphika, natsala ndi wamasiye anthu atabalalika. Mkazi amene kale anali kungomvera anaphunzira kuimirira pamaso pa anzake, kuwerenga Mau ndi kusunga buku la chopereka. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera sizinali zodzikometsera ai; mai wogwa m'mlandu wa mpingo anayenera kuzivula, ndipo mudzi wonse unaona.

Komabe ubusa unachedwa ndithu kuwafikira. Sinodi ya Livingstonia inadzoza mbusa wake woyamba wachikazi, Mai Martha Mwale, m'chaka cha 2000, patapita zaka 99 chisankhidwire Balalakazi aja.