NAS: nkhokwe ya mafayilo pa ofesi ya bungwe la alimi

Bungwe la alimi likakula, zolemba zimachuluka: mayina a mamembala, kaundula wa amene anatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole, makilo a fodya wa ku Macanga, matumba a kachewere ndi tirigu a ku Tsangano, komanso makope a DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Kawirikawiri zonsezi zimakhala pa laputopu ya mlembi kapena pa kafulashi kamodzi. Laputopuyo ikabedwa, bungwe limatsala lopanda umboni wa amene anabweza ngongole ndi amene sanabweze.

NAS ndi kabokosi kosungira mafayilo a ofesi yonse pamalo amodzi. M'kati mwake kawirikawiri mumakhala ma disiki awiri kapena kuposerapo. Kamalumikizidwa ndi waya ku rauta, ndipo kompyuta iliyonse ya mu ofesimo imatha kutsegula mafayilo kudzera pa waya kapena Wi-Fi. Intaneti siifunika pa zimenezi: netiweki ya Movitel kapena Vodacom ikasowa ku Furancungo, ntchito imapitirira. Makampani odziwika opanga mabokosiwa ndi Synology ndi QNAP, onse a ku Taiwan. Palinso pulogalamu yaulere ya TrueNAS, imene imasandutsa kompyuta wamba kukhala NAS, koma imafuna munthu wodziwa.

Kukonza kwake

Mukalowetsa ma disiki, kulumikiza waya ndi kuyatsa, mumatsegula tsamba la kabokosiko pa kompyuta. Choyamba, ikani pasiwedi yanuyanu yovuta kuilota. Kenako kapatseni nambala ya IP yosasinthasintha, kuti makompyuta azikapeza tsiku lililonse, ndipo yatsani SMB, njira imene makompyuta a Windows amagawanira mafayilo.

Ma disiki akakhala awiri, sankhani RAID 1. Apa chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Ma disiki awiri a 4 TB amakupatsani malo a 4 TB basi, osati 8 TB. Ena amaona ngati n'kuwononga ndalama, koma disiki imodzi ikafa mumangoikapo yatsopano osataya kanthu.

Pomaliza pangani mafoda, monga la ndalama, la mamembala ndi la minda, ndipo munthu aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake. Msungichuma aloledwe kusintha za ndalama, ena azingowerenga. Pasiwedi imodzi ya ofesi yonse ndiyo imabweretsa mikangano, chifukwa nambala ikasinthidwa palibe angadziwe amene waisintha.

Chimene RAID 1 singateteze

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Munthu akafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika pa ma disiki onse awiri. Vairasi yotseka mafayilo imagwiranso onse awiri, ndipo mphenzi, moto kapena wakuba amatenga kabokosi konse. Madzi nawonso: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Choncho pakhale disiki ina yakunja imene mumakopererapo zonse sabata iliyonse, n'kukaisunga m'nyumba ina, monga kwa wapampando. Isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse.

Magetsi akazima mwadzidzidzi NAS ikulemba, fayilo imatha kuwonongeka. Gulani UPS, kabatire kopereka mphindi zingapo, ndipo ilumikizeni ndi waya wa USB kuti NAS izizima yokha bwinobwino. Kabokosi ka ma disiki awiri sikadya magetsi ambiri, kotero sola yokhala ndi batire ndi invetala imakwanitsa. Kaikeni pa shelefu yokwera, kutali ndi fumbi ndi matumba a feteleza.

Kamodzi pa mwezi, mlembi alumikize disiki yakunja ija ku kompyuta ina ndi kutsegulapo mafayilo awiri kapena atatu. Akakana kutseguka, koperani mwatsopano tsiku lomwelo.