Mbiya Yoyera Ndiyo Imapsetsa Mowa

Mlendo akafika pa Mchinji Boma n'kuona mabotolo a Carlsberg ndi mapaketi a Chibuku, akhoza kuganiza kuti ukhondo pa mowa udabwera ndi mafakitale. Si choncho ayi. Carlsberg idatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, koma amayi a m'dera lino ankafulula mowa asilikali a Britain asanamange n'komwe linga la Fort Manning, dzina limene Boma ili linkadziwika nalo nthawi ya atsamunda. Ndipo amayiwo adali ndi malamulo awo okhwima.

Kalelo mowa sudali malonda. Unkafululidwa pa chifukwa: dima kumunda, chinamwali, ukwati, kapena bona pokumbukira malemu. Ntchito inkayamba ndi chimera. Mayi ankaviika chimanga kapena mawere, kuvundikira mpaka zimere, kuyanika pamphasa, kenaka kusinja. Pabwalo pankasesedwa m'mamawa, ndipo mwana ankaikidwa kuti aziingitsa nkhuku ndi mbuzi. Mbiya zinkatsukidwa n'kuyanikidwa padzuwa. Phala linkawira nthawi yaitali, ndipo likazizira linkavundikiridwa.

Padalinso mwambo. Wofulula mowa wa mizimu ankayenera kukhala wozizira, kutanthauza kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna wake mpaka mowa utapsa. Akuluakulu ankati wolakwira mwambowu mowa wake umasasa. Wina akhoza kutsutsa chifukwa chake, koma phindu lake lidali loonekeratu: mbiya sinkagwidwa ndi munthu wamba aliyense. Mu 1876, Louis Pasteur wa ku France adasindikiza buku lofotokoza kuti mowa umaonongeka ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Agogo athu sankatidziwa tizilomboti, koma ankadziwa kutitsekera khomo.

Zinthu zidasintha ndi kubwera kwa ndalama. Msonkho wa nyumba udachotsa abambo ambiri pamudzi, ena kupita kuminda ya fodya ya ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ena ku Salisbury ndi ku Joni. Amayi otsala adapeza kuti mowa ndiwo ungawapatse khobidi la mchere ndi sopo, ndipo pambuyo pake la fizi. Boma litakula, makamaka njanji itafika mu 1980, ogula adachuluka. Mgolo wachitsulo udalowa m'malo mwa mbiya, ndipo ena adayamba kutcheza kachasu.

Apa ndi pamene padabuka vuto. Nyumba yomwe ana amagonamo idasanduka malo omwera. Kumudzi mowa unkapsa mwa apo ndi apo, koma wamalonda amafulula sabata ndi sabata pabwalo lothina. Zotsalira posefa zikatayidwa kuseri kwa nyumba zimaitana ntchentche ndi makoswe. Chipanda chimodzi chimayenda pakamwa pa anthu ambiri, ndipo chimbudzi cha banja chimatumikira gulu. Mwambo wakale udatsalira kumudzi. M'nthawi ya Kamuzu alangizi a zaumoyo ankayendera makomo kuona chimbudzi, thandala ndi dzenje la zinyalala, koma mlangizi sangayang'ane mgolo uliwonse.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kolera yomwe idayamba ku Machinga mu Malichi 2022 idafalikira m'maboma onse, ndipo pofika mu 2023 idali itapha anthu oposa 1,700. Mliriwu udatikumbutsa kuti kuwiritsa phala kumapha tizilombo, koma ngozi imalowa pambuyo pake, kudzera m'madzi otsukira chipanda, m'madzi osungunulira thobwa, ndi m'manja osasamba. Palinso mdani wina amene moto sumugonjetsa: poizoni wa chuku. Chimanga choola chimene sitingaphikire nsima sichikhala chabwino chifukwa chalowa m'mowa, pakuti poizoniyu amaononga chiwindi.

Sindikuti tibwerere ku zonse za makolo. Ndikuti lamulo limene mwambo unkasunga, lero wofulula alisunge yekha: chimanga chabwino, madzi otetezedwa, mgolo wotsuka ndi wovundikira, zotsalira kudzenje kapena kukhola la nkhumba, madzi ndi sopo pafupi ndi chimbudzi. Mayi wofulula ali ndi chifukwa chake chochitira zimenezi. Mowa ukasasa, mpamba wapita. Koma choposa apo, bwalo limene makasitomala amasiya usiku ndi lomwelo mwana wake amakwawapo kukacha.