Mbiri ya Sipika: Kodi Masitolo Akuluakulu Anaononga Mau a Wailesi?



Pamene mumvetsera maphunziro a pa wailesi m'kalasi, mau a mphunzitsi amatulukira pa malo ochingidwa ndi nsalu kapena kasefa. Kuseri kwa kasefako kuli kacipangizo kochedwa sipika, kamene ena amati cimkuzamau. Kawirikawiri timamva akuluakulu akudandaula kuti mawailesi akale anali ndi mau okoma, koma a masiku ano, ogulitsidwa miyulumiyulu m'masitolo akuluakulu, amalira ngati citini. Kodi dandaulo limeneli n'loona? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tiyambe taona mbiri ya sipika.

Poyamba tikumbukire cimene mau ali. Mukaomba ng'oma, cikopa cimanjenjemera, ndipo cimakankha mpweya umene uli pafupi. Mpweyawo ukafika m'khutu, timamva kulira. Ng'oma yaikulu imakankha mpweya wambiri pang'onopang'ono, ndipo mau ake ndi a besi. Ng'oma yaing'ono imanjenjemera mofulumira, ndipo mau ake ndi okwera. Sipika nayo igwira nchito mofananamo. Ili ndi pepala lolimba loumbidwa ngati mbale yakuya, waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri kuseri kwa pepalalo, ndi maginito. Mphamvu ya magetsi ikadutsa m'wayamo, maginito amakoka ndi kukankha wayayo, pepala limanjenjemera, ndipo mau amabadwa. Bokosi limene sipika ikhalamo nalonso lili ndi nchito yaikulu, monga momwe cigubu cithandizira kalimba kumveka patali.

Galamafoni yakale inalibe zonsezi. Singano inali kuyenda pa mbale, ndipo mau anali kukuzidwa ndi lipenga lalikulu. Nyimbo zinali kumveka, koma zopanda besi, ngati munthu wolankhula atatsina mphuno. M'caka ca 1915 Peter Jensen ndi Edwin Pridham, ku Napa m'cigawo ca California ku America, anapanga cokuzira mau ca magetsi cimene anacicha Magnavox, koma naconso cinali ndi lipenga. Sipika ya pepala imene tiidziwa lero inafotokozedwa m'caka ca 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg, akatswiri a kampani ya General Electric. Caka cotsatira inayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Radiola 104, pa mtengo wa madola 250. Ndalama zimenezi zinali pafupi ndi mtengo wa galimoto yatsopano ya Ford. Apa tiphunzirapo cinthu coyamba: masiku amenewo mau okoma analipo, koma anali a anthu olemera okhaokha.

Dziko lathu lili ndi mbali yake m'mbiri imeneyi. Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, dziko lino likuchedwa Northern Rhodesia. Koma anthu a m'midzi ndi m'makomboni analibe mawailesi, pakuti anali odula, ndipo ambiri a iwo anali kufuna magetsi. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anayesetsa kupeza kampani imene ingapange wailesi yochipa, kufikira kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yochedwa Saucepan Special. Dzinali linadza cifukwa thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda cogwirira, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mabowo ake anali otsekedwa ndi kasefa kuti tizilombo tisalowe. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire yake inali masileni 25.

Sipika ya m'sefuliya sikanatha kupikisana ndi ya m'bokosi lalikulu la matabwa. Komabe inali kutulutsa mau a munthu momveka bwino, ndipo imeneyo ndiyo inali nchito yake. Mawailesiwa anagulidwa zikwi zambiri, kotero kuti mabanja amene sanakhalepo ndi wailesi anayamba kumvera nkhani m'zinenero zao, ndi nyimbo za oimba monga Alick Nkhata. Tsono kupanga zinthu zambiri pa mtengo wotsika sikunalande anthuwa mau okoma. Kunawapatsa mau pamene kale panali zii.

Ku America nako kunacitika zoonetsa kuti cinthu cikhoza kutsika mtengo ndi kukomabe. Kale sipika yotulutsa besi yakuya inali kufuna bokosi lalikulu ngati kabati. M'caka ca 1954 Edgar Villchur anapeza njira yatsopano. Anatseka bokosi laling'ono kuti mpweya usatuluke, ndipo mpweya wotsekeredwawo unali kubweza pepala la sipika pa malo ake, monga momwe mpira wopopa ubwezera cala mukaudinikiza. Kampani yake, Acoustic Research, inagulitsa sipika yoyamba pa madola 185, ndipo m'caka ca 1956 inatulutsa ina ya madola 89. Pofuna kuonetsa ubwino wake, anali kuitana oimba enieni kuti aimbe pamaso pa anthu. Pakati pa nyimbo oimbawo anali kuleka mwakacetecete namangoyendetsa manja, masipika n'kupitiriza, ndipo omvera ambiri sanali kuzindikira pamene kusinthako kunacitikira. Pofika 1966, pafupifupi sipika imodzi mwa zitatu zilizonse zogulidwa ku America inali ya kampani imeneyi.

Nanga zinthu zinasokonekera pati? Tiyenera kuyang'ana kagulitsidwe. Kale mawailesi anali kugulitsidwa m'timasitolo ta anthu odziwa nchitoyo. Mwini sitolo anali kukhazika wogula pansi, kumumvetsera nyimbo, ndipo cinthu cikaonongeka anali kucikonza yekha. M'maiko ena lamulo linali kulola opanga katundu kuika mtengo umodzi umene masitolo onse anayenera kutsata, motero masitolo anali kupikisana pa ulemu ndi pa luso. Ku Britain lamulo la m'caka ca 1964 linathetsa mwambo umenewu pa katundu wambiri, ndipo m'caka ca 1968 kampani ya Comet inatsegula mu mzinda wa Hull nyumba yaikulu yogulitsiramo zamagetsi pa mitengo yotsika. Ku America mwambowo unathetsedwa m'caka ca 1975. Pa nyengo yomweyo mafakitale a ku Japan anali kutumiza mawailesi ndi zoimbira nyimbo zosawerengeka ku maiko onse.

Ogula anapindula, pakuti mitengo inatsika. Koma m'sitolo yaikulu muli phokoso, mulibe mpando, ndipo wogula amasankha pa mphindi zocepa cabe. Opanga katundu anazindikira msanga kuti pa malo otere munthu amagula ndi maso, ndipo ena a iwo anayamba kukometsa zooneka ndi kucepetsa zobisika. M'malo mwa matabwa ocindikala anaika timatabwa topyapyala kapena pulasitiki, zimene zimanjenjemera pamodzi ndi nyimbo ndi kuonjezerapo mau ao osafunika. Anacepetsa maginito. Anacepetsanso tizipangizo ta m'kati timene timagawa mau, kuti a besi apite ku sipika yaikulu ndipo okwera apite ku yaing'ono. Ena anafika pomata pa bokosi tizinthu tooneka ngati masipika, koma topanda waya kuseri. Makolo athu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Cinyengo caciwiri cinali ca khutu. Munthu akamva masipika awiri motsatizana kwa kanthawi, kawirikawiri amayesa kuti yofuula kwambiri ndiyo yabwino. Cotero ena anapanga masipika okokomeza besi ndi mau okwera, kuti apose anzao pa shelefu. Sipika yotere imakondweretsa m'sitolo, koma kunyumba imatopetsa makutu, ndipo mau a woulutsa nkhani amamira m'cigulumo.

Cinyengo cacitatu cinali ca manambala. Mphamvu ya makina okankha sipika imayesedwa ndi mawati. Ogulitsa anayamba kulemba manambala akuluakulu a mphamvu imene makinawo angatulutse kwa kamphindi kokha, osati imene angapirire nayo nthawi yaitali. Zinafika poipa kotero kuti m'caka ca 1974 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linalamula kuti olengeza malonda azichula mphamvu yokhalitsa, yoyesedwa m'njira imodzi. Ngakhale lero mudzaona makatoni olembedwa mawati zikwi pamodzi ndi zilembo PMPO. Mukaona zotero, tembenuzani makinawo muwerenge kuseri mphamvu imene amakoka ku magetsi. Cinthu sicingatulutse kwa nthawi yaitali mphamvu yoposa imene cilandira, monga momwe mtsuko sungathire madzi oposa amene munatungiramo.

Tisafulumire kuimba mlandu masitolo pa kusintha kulikonse. Maginito a masipika abwino akale anali opangidwa ndi msanganizo wa zitsulo wochedwa alnico, umene uli ndi kobati, mwala umene umakumbidwanso kwathu ku Copperbelt. M'mwezi wa May 1978 kunabuka nkhondo ku Kolwezi, m'dziko limene pa nthawiyo linali kuchedwa Zaire, kumene kunali kucokera kobati wambiri wa pa dziko lonse. Mtengo wake unakwera mowirikiza kangapo, ndipo makampani ambiri amene anali asanasiye alnico anasamukira ku maginito ochipa ochedwa ferrite. Anthu ena amadandaulabe za kusinthaku, koma sipika ya ferrite yopangidwa mosamala imaimba bwino lomwe. Onani mmene zocitika pafupi ndi malire athu zinasinthira zoimbira za m'nyumba za ku London ndi New York.

Komanso pa zaka zomwezo nzeru zinali kupita patsogolo. Ku Australia, Neville Thiele m'caka ca 1961, ndi Richard Small zaka khumi pambuyo pake, anapeza masamu oyesera kukula kwa bokosi loyenera sipika iliyonse. Nchito imene kale inali ya kuyesa ndi kutaya matabwa inasanduka yowerengera pa pepala, ndipo kenaka pa kompyuta. Ku Ottawa m'dziko la Canada, Floyd Toole anali kukhazika anthu kutsogolo kwa nsalu yocinga, kuti aweruze masipika osawaona. Anapeza kuti anthu ambiri amakonda sipika yosakondera, imene sikokomeza mbali iliyonse ya mau. M'caka ca 1994 iye ndi Sean Olive anaonetsanso kuti nsaluyo ikacotsedwa, omvera amakweza malikisi a masipika akuluakulu ndi okongola. Tanthauzo lake n'lakuti maso amanyenga wogula zodula monga momwe amanyengera wogula zochipa. Cifukwa ca nzeru zimenezi, sipika ya mtengo wapakati yopangidwa moona mtima lero ikhoza kuposa zodula zambiri za m'zaka za m'ma 1950.

Pali lamulo limodzi la cilengedwe limene malonda sangalisinthe. Wopanga sipika amafuna zinthu zitatu: bokosi laling'ono, besi yakuya, ndi mau okweza pa mphamvu yocepa. Akhoza kupeza ziwiri, koma cacitatu cimamuthawa. Villchur uja anapeza bokosi laling'ono ndi besi, koma masipika ake anali kufuna mphamvu yambiri. Masiku ano anthu amafuna wailesi ya kanema yopyapyala ngati thabwa, ndi kasipika kolowa m'thumba kolumikizidwa ku foni popanda waya. M'zinthu zotere mulibe malo a mpweya wokwanira. Agogo akamati wailesi yao yakale inali ndi mau odzaza, nthawi zambiri sanama: inali ndi sipika yaikulu m'bokosi lalikulu. Koma tikumbukirenso kuti zakale zimene zatsala lero ndi zija zinali zolimba. Zoipa za nthawi imeneyo zinatayidwa kudzala kalekale, ndipo palibe azikumbukira.

Tsono yankho la funso lathu lili pawiri. Malonda a zinthu zambiri anafikitsa wailesi ndi nyimbo m'nyumba za anthu wamba, ndipo masipika abwino sanathe. Koma malondawo anadzazanso masitolo ndi zinthu zopangidwira maso. Fakitale imapanga cimene ogula afuna. Ogula akamasankha magetsi othwanima ndi manambala, adzalandira zomwezo, ndipo ndalama za banja kapena za sukulu zidzathera pa bokosi lofuula limene mwana wokhala kumbuyo kwa kalasi sangamvemo mau a mphunzitsi.

Cifukwa cake, aphunzitsi, pamene komiti ya sukulu yasonkha ndalama zogulira wailesi, musacite manyazi kuuza wogulitsa kuti acepetse mau ndi kutsegula nkhani m'malo mwa nyimbo. Mau a munthu ndiwo muyeso wabwino, pakuti tonse tidziwa mmene munthu amvekera. Imani patali, tsinzinani, ndipo mumvetsere ngati liu lililonse likumveka. Gogodani bokosi ndi cala: lolimba limayankha mwacidule, koma lopyapyala limalira ngati mgolo wopanda kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo inu ana, nayi nchito ya sabata ino. Tengani citini cacikulu ndi cacing'ono, mukunge pulasitiki kapena mpira pakamwa pa ciliconse, muike timbeu ta mapira pamwamba, ndipo muombe pang'ono. Onani mmene timbeuto tidumphira, ndipo mulembe citini cimene citulutsa mau akuya. Kenaka mufunse agogo anu za wailesi yoyamba imene anaiona: inali ya yani, inali kuoneka bwanji, ndipo anthu anali kumvera ciani. Zimene adzakuuzeni muzilembe m'buku lanu la mbiri, ndipo mudzawerengere anzanu m'kalasi.

Tsalani bwino.