Mpweya wa Mapulaneti Akutali

Dzuwa ndi nyenyezi

Dzuwa lathu ndi nyenyezi. Limaoneka lalikulu chifukwa lili pafupi. Dziko lathu limalizungulira pamodzi ndi mapulaneti ena 7. Nanga nyenyezi zinazo, kodi nazo zili ndi mapulaneti?

Mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Switzerland anapeza pulaneti lozungulira nyenyezi yonga dzuwa, yotchedwa 51 Pegasi. Mu 2019 analandira mphoto ya Nobel. Pano mapulaneti otere apezeka oposa 5,000. Atapezeka, funso linasintha: kodi kumeneko kuli mpweya wotani?

Kuwala kumanyamula zizindikiro

Palibe chombo chingapite kukatapa mpweyawo. Ndi kutali kwambiri. Chimene chimatifika ndi kuwala kokha.

Kuwala kwa dzuwa kukadutsa m'madontho a mvula, timaona utawaleza. Galasi la makona atatu limachitanso zomwezo. Mu 1814 Joseph Fraunhofer wa ku Germany anayang'anitsitsa mitundu imeneyi ndipo anaonamo timizere takuda tambirimbiri. Mu 1859 Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen anapeza chifukwa chake. Mpweya uliwonse umameza mitundu yakeyake ya kuwala. Pamene wameza pamatsala kamzere kakuda. Munthu akadziwa pamene pali kamzereko, amadziwa mpweya umene kuwalako kwadutsamo.

Kadamsana kakang'ono

Mapulaneti ena amadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi yawo. Zikatero nyenyeziyo imazilala pang'ono, ngati mmene ngumbi imadutsira kutsogolo kwa nyali imene ili tsidya lina la mtsinje. Mu 1999 asayansi anaona zimenezi pa pulaneti lotchedwa HD 209458 b. Kuwala kunachepa ndi magawo osafika 2 pa 100.

Apa ndiye pagona nkhani. Pulaneti likamadutsa, kuwala kwina kumapyola mumpweya wa m'mphepete mwake. Asayansi amayeza kuwala pulaneti lisanadutse, n'kuyezanso likudutsa. Kusiyana kwake ndi kumene kumaulula mpweyawo. Kusiyanako ndi kochepa zedi, ndipo mpweya wathu womwewu, ndi nthunzi yake, umasokoneza muyeso. N'chifukwa chake makina oonera zakuthambo, otchedwa telesikopu, amawatumiza kumwamba, kupitirira mitambo ndi mpweya.

Hubble ndi Spitzer

Telesikopu ya Hubble inapita kumwamba mu 1990, mapulaneti amenewa asanapezeke n'komwe. Mu 2001 David Charbonneau ndi anzake analengeza kuti Hubble yaona sodiyamu mumpweya wa HD 209458 b. Sodiyamu amapezekanso mu mchere wathu wa kukhitchini. Aka kanali koyamba kuti anthu anene zimene zili mumpweya wa pulaneti la nyenyezi ina. Mu 2003 Hubble inaonanso kuti mpweya wa pulaneti lomweli ukuthawira m'mlengalenga chifukwa cha kutentha.

Chaka chomwecho inanyamuka Spitzer, telesikopu yoona kutentha kumene maso saona. Inagwira ntchito mpaka 2020.

James Webb

Pa 25 December 2021 roketi ya Ariane 5 inanyamuka ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula telesikopu ya James Webb. Kalilole wake ndi wa mamita 6.5 m'mimba mwake. Anamupanga ndi zidutswa 18 zopakidwa golide, ndipo anachita kumupinda kuti akwane mu roketi. Telesikopuyi ili pamtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko.

Mu August 2022 asayansi analengeza kuti inaona bwinobwino kaboni dayokisaidi, mpweya umene timatulutsa popuma, pa pulaneti la WASP-39 b. Kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 700 kuti kutifike. Dzina lakuti WASP ndi la gulu limene linapeza pulanetili, ndipo makamera ena a gululi anawaika ku Sutherland, ku South Africa.

Mapulaneti aang'ono ndi ovuta

Kunena zoona, mapulaneti amene tawatchulawa sangakhalike. Ndi akuluakulu ngati Jupiter kapena Saturn, a mpweya wokhawokha, komanso otentha koopsa. Amayezeka mosavuta chifukwa mpweya wake ndi wofufuma.

Amene anthu akuwafunitsitsa ndi aang'ono, a miyala, onga dziko lathu. Nyenyezi ya TRAPPIST-1 ili ndi mapulaneti 7 otere. Mu 2023 Webb inayeza kutentha kwa pulaneti loyandikana kwambiri ndi nyenyeziyo. Inapeza madigiri pafupifupi 230, ndipo sinaone chizindikiro cha mpweya wochindikala. Nyenyezi imeneyi ilinso ndi mawanga ndipo imalilima kawirikawiri, zomwe zimaipitsa muyeso.

Nanga zamoyo?

Mu 2023 gulu la Nikku Madhusudhan wa ku yunivesite ya Cambridge linapeza mpweya wa methane ndi kaboni dayokisaidi pa pulaneti la K2-18 b. Mu April 2025 gululi linati laonanso chizindikiro cha mpweya wina umene padziko pano umapangidwa ndi tizomera ta m'nyanja. Nyuzipepala zinathamanga nayo nkhaniyi, kuposa mmene umboni unalili. Asayansi ena atawerengeranso manambala omwewo, anati chizindikirocho ndi chofooka ndipo mpweya wina ungathe kuchipereka. Mpaka pano palibe pulaneti lina limene latsimikizika kuti lili ndi zamoyo.