Mafuta a Nsatsi, Labala ndi Morris Minor ya Malume

 Ndakhala chete masabata angapo, mpaka ena kundifunsa ngati choko chandithera. Ayi ndithu, ndili bwino, koma holide yonseyi ndaithera chagada pansi pa galimoto.

Ambiri mukuikumbukira Morris Minor ya malemu malume anga, ya mu 1965, ija inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka 11, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Injini sinandivutitse. Batire, mapulagi, petulo watsopano, basi inalira. Chimwemwe chinandipha maso, ndinatuluka nayo pageti osayesa china chilichonse. Pa kamtsetse kopita ku chigayo ndinaponda buleki, phazi langa n'kungofika pansi ngati ndaponda papaya lakupsa. Kutsogolo kunali ana atatu atasenza matumba a ufa. Handibuleki ndi imene inandiombola, galimoto n'kukaima mu udzu, ine thukuta kamukamu.

Madzulo ake ndinakaitana bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya umakaniko kuyambira nthawi ya Federation. Atafika sanatsegule boneti. Anatsegula chitseko cha dalaivala, n'kukweza kapeti, n'kumasula kachivindikiro kamene kali pansi penipeni pomwe dalaivala amaika mapazi. Ndi mmene Morris Minor anaipangira: master cylinder, chimene chimasunga ndi kupopa mafuta a mabuleki, chinabisidwa m'kati mwa chitsulo cha chesisi. Anaviika chala, ananunkhiza, kenaka anandiyang'ana.

"Aphunzitsi, ndani anathira oyilo wa injini muno?"

"Sindikudziwa, achikulire. Mwina anyamata amene ankaiyendetsa malume atadwala."

"Ndiye labala yense wafa. Tiyambirenso."

Chiganizo chimenechi ndi chimene chinandipititsa kukawerenga. Oyilo ndi mafuta, enawo ndi mafutanso. Zikusiyana pati kuti ena aphe labala? Yankho lake lili m'mbiri.

A Fomu 3 akale mukukumbukira masirinji awiri aja tinkalumikiza ndi kachubu, mukakankha kuno, uko n'kutuluka. Ndi lamulo la Blaise Pascal wa ku France, limene linasindikizidwa mu 1663 iye atamwalira kale: mukapanikiza madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Joseph Bramah wa ku England analigwiritsa ntchito mu 1795 popanga makina opanikizira zinthu. Koma magalimoto oyamba sanatengeko nzeruyi. Mabuleki awo ankakokedwa ndi ndodo zachitsulo ndi mawaya, monga njinga yakapalasa, ndipo ambiri anali ndi mabuleki kumatayala akumbuyo okha. Vuto la waya n'loti amatamuka, wina kwambiri, wina pang'ono. Ukaponda, tayala limodzi limagwira msanga kuposa linzake, galimoto n'kukhotera kumbali.

Amene anasintha zinthu ndi Malcolm Loughead wa ku California, amene ankapanga ndege pamodzi ndi mng'ono wake Allan. Mu 1917 analembetsa ku boma luso lake la mabuleki oyendera mafuta. Dzina lawo linkavuta anthu kutchula, choncho anayamba kulilemba kuti Lockheed, ndipo ndi dzina lomwelo limene mumalimva pa ndege. Duesenberg Model A ya mu 1921 ndiyo galimoto yoyamba yogulitsidwa ku America yokhala ndi mabuleki otere pamatayala onse anayi, koma inali ya anthu a ndalama zawo. Chrysler ya mu 1924 ndi imene inawafikitsa kwa anthu ambiri.

Apa ndi pamene nkhani yathu yagona. Zotsekera za Loughead, zoletsa mafuta kudutsa m'mbali mwa pisitoni, zinali zachikopa. Chikopa chinkauma, n'kukhwinyata, mafuta n'kumadontha. Mainjiniya a Walter Chrysler anachotsa chikopa n'kuikamo labala. Kudontha kunachepa, koma labala wa nthawi imeneyo anali wa utomoni wa mtengo, ndipo labala wotere akakhudzana ndi mafuta ochokera pansi pa nthaka, monga oyilo, palafini kapena petulo, amatupa n'kufewa ngati nsima yosapsa. Panafunika mafuta oterera koma osadya labala. Anawapeza mu nsatsi. Inde, nsatsi zomwezi zimamera kudzala, zimene agogo athu ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa kuti apeze mafuta odzola. Mafuta a mabuleki oyambirira anali mafuta a nsatsi osakaniza ndi sipiriti. Nditawauza achikulire aja anaseka, amati ndiye kuti azungu ankayendera mankhwala a kumudzi kwathu.

Si onse anakhulupirira msanga. Henry Ford ankadalira chitsulo, sankafuna kuti moyo wa munthu utsamire pa paipi ya mafuta. Chevrolet inasintha mu 1936, koma Ford anakakamira mawaya mpaka magalimoto a mu 1939. Anthu amamuseka mkuluyu kuti anali wamakani, ndipo anali wamakanidi. Koma ine nditaima mu udzu muja ndinaona kuti mantha ake anali ndi mutu. Pa ndodo zinayi, imodzi ikathyoka zitatu zimatsala. Pa mabuleki a mafuta a masiku amenewo, matayala onse anayi ankamwa pa mzere umodzi. Kabowo kamodzi, kaya pa paipi, kaya pa labala wa tayala limodzi, mphamvu yonse imathera pomwepo.

Morris Minor ili m'gulu limeneli. Alec Issigonis anaijambula, inatuluka mu 1948 ndipo inapangidwa mpaka 1971, ndi mabuleki a Lockheed opangidwa ku Leamington Spa ku England. Matayala onse ndi a dramu: masilinda awiri pa tayala lililonse lakutsogolo, imodzi pa lililonse lakumbuyo, onse pamodzi 6, pa mzere umodzi. Mabuleki a mizere iwiri, oti wina ukafa wina n'kugwirabe, anaoneka pa Cadillac ndi Rambler mu 1962, ndipo pofika 1968 lamulo la ku America linali litakakamiza kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale nawo. Galimoto ya malume inabadwa nzeruyi isanafike kwa iyo. N'chifukwa chake pa galimoto yakale handibuleki si chokongoletsera. Imayendera waya wakewake, ndipo mafuta akathawa palibenso china chotsala.

Za ma disc sindichedwapo, popeza Morris ilibe. Jaguar inapambana nawo mpikisano wa Le Mans mu 1953, Citroën DS inatuluka nawo kutsogolo mu 1955, ndipo kuyambira pamenepo anafala. Chofunika kwa ife n'choti ma disc amatentha kwambiri pafupi ndi mafuta, ndipo sipiriti sachedwa kuwira. Nsatsi zinasiyidwa, m'malo mwake munalowa mafuta opangidwa m'fakitale a mtundu wa glycol. Ndi amene timagula m'kabotolo kolembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Zilembozi zikuimira Department of Transportation ya ku America, yomwe inaika miyezo yake.

Mafutawa ali ndi khalidwe limodzi loipa: amayamwa chinyezi cha mumpweya monga umachitira mchere nthawi ya dzinja. Muyezo umati DOT 3 watsopano asawire asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi okwana pafupifupi 3.7 pa 100 alionse, muyezowo umatsikira pa 140. DOT 4 ndi 230 ali watsopano, 155 atamwa madzi. Tsopano taganizani munthu akutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kapena mtsetse wa ku Thabwa kupita ku Chikwawa, phazi lili pa buleki njira yonse m'malo motsika ndi giya. Madramu amatentha, mafuta okalamba amawira, m'paipi mumalowa nthunzi. Ndipo mukudziwa kuchokera ku masirinji aja kuti madzi safinyika koma mpweya umafinyika. Phazi limangopita pansi. Chomvetsa chisoni n'choti galimotoyo ikazizira buleki imabwerera bwinobwino, moti wobwera pambuyo pa ngozi amaponda n'kunena kuti dalaivala akunama. Madzi omwewo galimoto ikangokhala amadyetsa masilinda dzimbiri kuchokera m'kati. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafuta a mabuleki azisinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale galimotoyo isanayende.

Kusokoneza mafuta si vuto la anyamata a kwathu okha. Citroën inkagwiritsa ntchito mafuta ofiira pa DS, ndipo mu 1966 inasinthira ku obiriwira otchedwa LHM, amene ndi ochokera pansi pa nthaka, n'kusinthanso labala yense kuti agwirizane nawo. Wothira ofiira mwa obiriwira, kapena obiriwira mwa ofiira, amawononga galimoto yonse. Palinso DOT 5, wa silicone, wamtundu wa pepo, amene sayamwa madzi ndipo eni magalimoto akale ena amamukonda, koma sasakanizidwa ndi DOT 3 kapena DOT 4. Kuti asokoneze anthu bwino, DOT 5.1 ndi wa glycol, m'bale wake wa DOT 4. Amene anatchula mayinawa ndikanamupatsa 2 pa 10.

Ntchito yathu inatenga masiku 9, ambiri a iwo kudikira zipangizo. Tinatulutsa master cylinder, ntchito yotukwanitsa, chifukwa chitsulo chachitali cha sipuling'i yakutsogolo chimadutsa pomwe pali mabawuti ake. Labala wa m'kati anali atatupa moti sakanabwereranso m'malo mwake. Pa masilinda 6 a kumatayala, anayi anali ogwidwa ndi dzimbiri. Ine ndinati tiwapale ndi sandipepa, achikulire anakana: silinda ikakumbika timaenje m'kati, labala watsopano amang'ambika pa timaenjeto. Tinagula atsopano, malipiro a mwezi n'kupita. Mapaipi a labala ankaoneka abwino kunja, koma titadula limodzi tinapeza kabowo ka m'kati katatsala pang'ono kutsekeka. Paipi yotere imalola mafuta kupita koma osabwerera, buleki n'kumagwira yokha. Mapaipi achitsulo tinasinthanso onse, popeza oyilo wotsalira pang'ono angathe kuyambitsanso matenda omwewo.

Zinthu ziwiri anandikalipira. Choyamba, ndinafuna kuuzira fumbi la m'dramu ndi pakamwa. Anandigwira phewa: ma brake shoe akale ankapangidwa ndi asbestos, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka zambiri. Timapukuta ndi nsanza yonyowa. Chachiwiri, ndinaika botolo la mafuta lotsegula pa madigadi. Mafuta a glycol amasupula penti, ndipo botolo losatseka limakhala likumwa chinyezi.

Tsiku lomaliza linali lochotsa mpweya, kumene amakaniko amati kubulida. Pamafunika anthu awiri. Ine ndinakhala pampando, iwo anagona pansi ndi sipana, kachubu ndi botolo, kuyambira tayala lakutali kwambiri ndi master cylinder.

"Pondani, aphunzitsi! Gwirani pompo! Siyani!"

Tinabwereza mpaka thovu linatha m'chubu, tikuonjezera mafuta pafupipafupi kuti asatsike n'kumezanso mpweya. Zaka zonsezi ndakhala ndikulamula ana m'kalasi, koma tsiku limenelo ndinamvera ngati wa Fomu 1. Pa tayala lachinayi pedulo inalimba pansi pa phazi langa, yosatsikanso ngakhale nditaiponda kwa mphindi yathunthu.

Tinakaiyesa pa bwalo la mpira Loweruka m'mawa, kulibe mwana aliyense, ndipo inaima mowongoka. Mzere ukadali umodzi monga inatulukira ku fakitale. Achikulire akuti ndiisiye choncho, ndizingoyang'ana pansi pa kapeti sabata iliyonse. Mayi a kunyumba akuti sakweramo mpaka nditaika mizere iwiri. Nkhaniyi sitinaimalize, ndipo pakadali pano Morris ikungofika ku tchalitchi ndi ku chigayo. Ngati pali wina mwa inu ophunzira anga akale amene anachita za umakaniko ndipo anasinthapo galimoto yotere, andipeze ku staff room teremu ikatsegulidwa.