Gusheshe: Mbiri ya Galimoto ndi Mtengo Wake mu Mzinda wa Johannesburg

Mu mzinda wa Johannesburg muli galimoto ina yakale imene ili ndi mayina awiri. Pa mapepala a kampani imene inaipanga, dzina lake ndi BMW 325iS. M'misewu ya ku Soweto, ku Katlehong ndi ku Eldorado Park anthu amaitcha Gusheshe. Ndi galimoto yaing'ono ya zitseko ziwiri, yamakona ngati bokosi, ndipo yatha zaka zoposa 30 chitulukireni m'fakitale. Nthawi zambiri galimoto ya msinkhu umenewu imakhala itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Koma Gusheshe yosamalika bwino lero mtengo wake umayandikira, mwinanso kudutsa, miliyoni imodzi ya Rand. Ikafika pa malonda a makampani onga Creative Rides ya ku Bryanston, anthu amailimbirana monga momwe ogula amalimbirana fodya wabwino ku okushoni ya ku Kanengo.

Mtengo umenewu sunachokere ku injini yokha. Unapangidwa ndi mbiri ziwiri zimene kwa nthawi yaitali sizinkapatsana moni: mbiri ya mafakitale ndi mipikisano ya azungu m'nthawi ya ulamuliro watsankho, ndi mbiri ya makomboni a anthu akuda kummwera ndi kuvuma kwa mzindawu.

Mbiri yoyambayo ikuyambira m'chaka cha 1961. M'chaka chimenechi dziko la South Africa linatuluka m'bungwe la Commonwealth, ndipo boma linayamba kukakamiza makampani a magalimoto kuti gawo lina la zipangizo zawo lizipangidwa m'dziko momwemo. Kuitanitsa galimoto yathunthu kuchokera kunja kunakhala kodula kwambiri chifukwa cha msonkho. M'chaka chomwecho, kumpoto kwa Johannesburg kunatsegulidwa bwalo la mipikisano la Kyalami, dzina limene m'Chizulu limatanthauza kuti kwathu. Makampani amene ankafuna msika wa dzikoli anayenera kumangamo mafakitale, ndipo mu 1973 BMW inakhazikika ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria. Imeneyi inali fakitale yake yoyamba kunja kwa Germany.

Tsono mipikisano ya magalimoto wamba inali ndi lamulo lake. Kampani sinkaloledwa kupikisana ndi galimoto imene sigulitsidwa kwa anthu. Yofuna kupambana ku Kyalami Loweruka inkayenera kupanga magalimoto angapo a mtundu womwewo ndi kuwaika pa msika. Pamene malamulo awiriwa anakumana, la boma ndi la pa bwalo, panabadwa magalimoto amene sanapangidwe kwina kulikonse padziko lapansi. Basil Green, katswiri wa mu Johannesburg momwemo, anatenga Ford Capri n'kuikamo injini yaikulu ya V8 ya ku America, ndipo kuyambira 1970 galimotoyo inkagulitsidwa pa dzina la Perana. Mu 1976 ndi 1977 ku Rosslyn kunatuluka BMW 530 MLE, magalimoto 227 okha. Mu 1984 Ford inapanga Sierra XR8, magalimoto pafupifupi 250.

BMW 333i ya 1985 ili ndi nkhani yakeyake. Ku Germany kampaniyi inali kukonza M3, galimoto yaliwiro imene chiwongolero chake chinali kumanzere basi, motero sinali yoyenera misewu ya kuno kumene magalimoto amayenda mbali ya kumanzere. Amisiri a ku Rosslyn, mothandizana ndi kampani ya Alpina, anatenga injini ya malita 3.2 ya galimoto yaikulu ya 733i n'kuipanikiza m'thupi laling'ono. Malo anachepa kwambiri moti wogula ankayenera kusankha chimodzi: makina oziziritsira mpweya m'kati, kapena makina ofewetsa chiwongolero. Zonse ziwiri sizikanakwanamo. Anapanga magalimoto opitirira pang'ono 200, ndipo imodzi mtengo wake sunkafika R50,000.

Gusheshe yeniyeni inabwera mu 1990, chaka chimene Nelson Mandela anatuluka m'ndende. Inapangidwira mpikisano wa Group N. Injini yake inakulitsidwa kufika malita 2.7, ndipo mu 1991 kunatuluka mtundu wachiwiri wamphamvu zochulukirapo. Onse pamodzi anali magalimoto pafupifupi 500. Mdani wake wamkulu anali Opel Kadett Superboss, imene inapangidwa 244 yokha ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ndi Gqeberha. Kulimbana kwa Tony Viana wa BMW ndi Mike Briggs wa Opel okonda mipikisano amakukambabe. Koma dzina la kampani imene inapanga Superboss likunena zambiri za nthawiyo. Inali Delta Motor Corporation, imene inabadwa General Motors ya ku America italengeza mu 1986 kuti ikuchoka m'dzikolo, pamene mayiko ankakakamiza makampani kuti asiye kuchita malonda ndi boma latsankho. Kuchepa kwa magalimoto amenewa, kumene ogulitsa a lero amakutamanda ngati chodabwitsa, kunabadwa m'chuma chimene chinadzitsekera m'mpanda, kenaka n'kutsekeredwa ndi ena. Ndipo manja ambiri amene ankamanga magalimotowa m'mafakitale anali a anthu akuda amene malipiro awo sakanawalola kugula ngakhale imodzi.

Mbiri yachiwiri inayambira kumene kampani sinkayang'ana. Kwa munthu wakuda wa ku Johannesburg, amene lamulo la Group Areas la 1950 linkamuuza pogona ndipo chiphaso chinkamuuza poyenda kufikira 1986, katundu woyenda anali ndi tanthauzo loposa ntchito yake. Amalawi sangadabwe nazo zimenezi. Amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ankabwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi gumbagumba, ndipo pamudzi ankadziwika ndi zimenezo. Munthu amene sakanatha kukhala mwini nthaka mu mzinda ankaonetsa ulemerero wake pa zimene akanatha kuvala, kuliza kapena kuyendetsa. Ku Soweto, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, palibe chimene chinkaposa BMW yamakona ija.

Sikoyenera kuipaka mafuta mbiri imeneyi. Oyamba kuitchukitsa galimotoyi m'makomboni ambiri anali achifwamba, ndipo magalimoto ena anali obedwa kumadera a azungu. Ankaikonda chifukwa inali yopepuka, yothamanga, ndiponso mphamvu ya injini inkapita ku matayala akumbuyo. Woyendetsa waluso akaponda mafuta n'kukhotetsa chiwongolero, kumbuyo kwa galimoto kumaterereka, galimoto n'kumazungulira pamalo amodzi, matayala akufuka utsi. Pamaliro a mnzawo ankachita zimenezi pomulira, ndipo nthawi zina galimotoyo inkatenthedwa pamapeto pake. Mchitidwe umenewu, umene eni ake amautcha spinning, unayamba ngati mwambo wa maliro. Za dzina loti Gusheshe anthu amanena zosiyana: ena amati likuchokera ku liwu la Chizulu lonena za kufulumira, ena amati likutsanzira kulira kwa injini. Pang'ono ndi pang'ono dzinali linafalikira ku magalimoto onse a thupi limeneli, makamaka 325i wamba imene inali yambiri ndiponso yotsika mtengo ikagwirapo ntchito.

Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, spinning inachoka kumanda n'kupita kumabwalo. Amakaniko, oyendetsa matakisi ndi achinyamata amene analibe mlandu ndi boma anayamba kusonkhana kumapeto kwa sabata. Woyendetsa amatuluka pa zenera galimoto ikuzungulira, kukwera padenga, kutsika pansi, kenaka n'kuithamangira kukalowanso, anthu akukuwa. Oyimba a kwaito anaiika galimotoyi m'makanema a nyimbo zawo, ndipo mu 2013 Cassper Nyovest anatulutsa nyimbo ya mutu woti Gusheshe. Mu 2014 bungwe la Motorsport South Africa linavomereza spinning kukhala masewero ovomerezeka. Chaka chomwecho bwalo la Kyalami, limene linatsala pang'ono kugwa m'manja mwa omanga nyumba, linagulidwa pa okushoni ndi Toby Venter wa Porsche South Africa pa mtengo wa R205 miliyoni. Mu 2019 Stacey-Lee May wa ku Eldorado Park anaonekera ndi BMW yake pa pulogalamu ya Hyperdrive ya Netflix, ndipo mu 2024 Gayton McKenzie atangosankhidwa kukhala nduna ya zamasewero, analonjeza poyera kuti adzakweza masewerowa.

M'zaka zomwezi mitengo inayamba kukwera. Ana amene ankasuzumira pa zenera la Gusheshe mu 1992 anali atakula. Ena mwa iwo anali maloya, madokotala ndi eni makampani, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mzindawu ambiri mwa anthu otere anali akuda. Munthu akapeza bwino amafunafuna chimene ankachilakalaka ali wosauka. Panalinso mphepo yochokera kunja. Chuma cha dziko lapansi chitagwedezeka mu 2008, chiwongoladzanja cha m'mabanki a ku Ulaya ndi ku America chinatsika kwambiri, ndipo olemera anayamba kusungira ndalama zawo m'zinthu zosowa: zojambulajambula, mawotchi, vinyo ndi magalimoto akale. M3 ija ya ku Germany inakwera mtengo kangapo, ndipo ogula anayamba kufunsa za abale ake a ku Rosslyn. Lamulo la ku United States limalola munthu kulowetsa galimoto ya zaka 25 popanda zovuta zambiri, kutanthauza kuti khomo limenelo linatsegukira 325iS kuyambira 2015. Apo n'kuti Rand ikufooka: dola imodzi inkagula pafupifupi R7 mu 2010, koma mu 2023 inkagula R18 ndi kupitirira. Mtengo umene ukuoneka wamisala ku Soweto umaoneka wabwino kwa wogula wa ku London kapena ku California, ndipo galimoto ikakwera sitima ku Durban kawirikawiri sibwerera.

Chimene msika umalipira n'chosavuta kuchitchula. Umafuna penti wa ku fakitale, makilomita ochepa, buku la galaja lodindidwa bwino, ndi manambala a injini ndi a thupi ogwirizana ndi kaundula wa ku Rosslyn. Popeza 325i wamba ikhoza kuvekedwa zovala za 325iS, wogula wochenjera amayamba wawerenga manambalawo asanayang'ane kukongola. Izi zikutanthauza kuti galimoto yodula koposa ndi imene sinalawe moyo umene unaipatsa dzina. Imene inazungulira pamaliro, imene inatha matayala ku Soweto, imene inasinthidwa injini kawiri, msika umaiona ngati yowonongeka. Koma zikanakhala kuti panalibe magalimoto owonongekawo, yosungidwa m'galaja ija ikanangokhala BMW ina yakale yodziwika kwa okonda mipikisano ochepa. Superboss ndi yosowa kuposa 325iS, ndipo pa bwalo sinkachita nayo mantha. Mitengo yake nayonso yakwera, koma palibe mwana wa ku Tembisa amene amakuwa dzina lake ikamadutsa. Pamwamba pa izo, galimoto iliyonse imene yaphwanyika pa khoma la bwalo la spinning imachepetsa chiwerengero cha zotsala, n'kuwonjezera mtengo wa zimene zili pansi pa nsalu ku Sandton.

Kampani nayo inazindikira kumene kuli chuma. Mu 2019 BMW South Africa inaonetsa 530 MLE imene inaikonzanso kuchokera ku chiphakasa, ndipo mu 2020 inatulutsa 330is Edition, magalimoto 230, pokumbukira 325iS. Dzina limene kale linkanunkha upandu linasanduka chuma cha otsatsa malonda.

Kumabwalo a utsi zinthu zasintha mwakachetechete. Woyendetsa wanzeru satengeranso 325iS yeniyeni kukaizungulitsa, pakuti kutero n'kutentha nyumba. Ngakhale thupi la 325i wamba, limene kale linkatoledwa motsika mtengo kwa ogulitsa zitsulo zakutha, tsopano likusowa, ndipo nyali, mabampala ndi magalasi ake amafunidwa ndi okonza magalimoto a pa okushoni amene amalipira bwino koposa. Injini zakale za masilinda 6 zikatha, amakaniko a m'makomboni amaikamo zina, kawirikawiri V8 ya Lexus yochokera ku Japan, imene ndi yolimba ndiponso yopezeka. Kunja galimotoyo imaonekabe yamakona monga kale ndipo anthu amaitchabe Gusheshe, koma wodziwa akatchera khutu amamva kuti kulira kwake sikulinso kuja kwa ku Rosslyn.